Kuyeza density ndi viscosity ya ethanol wosakaniza ndi madzi mu labu

Anzanga a chemistry amene mwapatsidwa practical imeneyi, musanagwire china chilichonse thirani kaye 50 mL ya ethanol mu 50 mL ya madzi. Simupeza 100 ayi, mupeza cha m'ma 96, ndipo botolo limafundako mukalikhudza. Mamolekyu awiriwa amakokana kwambiri nkupanikizana. Nchifukwa chake ine ndimati measuring cylinder isiyeni, sakanizani pa sikelo basi. Magalamu a ethanol gawani ndi 46.07, a madzi ndi 18.02, mupeze ma mole a chilichonse, kenako mole fraction (ma mole a ethanol kugawa ndi ma mole onse pamodzi), ndiye mukonze timabotolo ta mole fraction kuyambira 0.1 mpaka 0.9 ndipo tizikhala totseka nthawi zonse, ethanol imauluka makamaka kotentha ngati mu Okutobala.

Density, kulemera kwa cm³ iliyonse, timayeza ndi pycnometer, kabotolo kagalasi kokhala ndi chitsekero. Iyezeni youma, kenako yodzaza madzi a distilled, poti pa 20 °C madzi ndi 0.9982 g/cm³ mudziwa volume yake yeniyeni, kenako muzithiramo zosakanizazo. Ethanol yokha ikupatseni pafupifupi 0.789, ikapanda kutero pali chalakwika. Kathovu kamodzi kokakamira pansi pa chitsekero kamaononga zonse, komanso muzipukuta kunja ndipo musaifumbate m'manja chifukwa mukuitenthetsa.

Viscosity, kulimba kwa chinthu chamadzi poyenda, ndi pamene pamafunika kudekha. Ostwald viscometer, chubu chagalasi chopindika ngati U chokhala ndi kachubu kopyapyala, iime chilili mu water bath, dikirani mphindi ngati 10, kenako werengani masekondi amene zomwe mwathiramozo zikutsika kuchoka pa mzere wa pamwamba kufika wa pansi, katatu, mutenge average. Samu yake: η = η ya madzi × (ρ × t) ÷ (ρ ya madzi × t ya madzi), pomwe η ndi viscosity, ρ ndi density, t ndi masekondi aja. Temperature musaiseweretse chonde, digiri imodzi yokha imasuntha viscosity ya madzi ndi 2% kapena kuposerapo pang'ono.

Apa ndiye pamandisangalatsa. Pa 20 °C viscosity ya madzi ndi 1.00 mPa·s, ya ethanol 1.2, munthu ungaganize kuti zosakaniza zikhala pakati, koma ayi ndithu, ethanol akafika cha m'ma 40% pa kulemera viscosity imakwera mpaka pafupifupi 2.9, madzi kumatsika mwaulesi mu kachubu kaja iwe uli ndi sitopuwotchi m'manja. Ambiri amafufuta manambala amenewa poganiza kuti alakwitsa. Asiyeni, ndi olondola.

Mu Excel werengani excess molar volume, kusiyana kwa volume yeniyeni ya mole imodzi ya zosakaniza ndi imene mukanapeza mutangophatikiza ma volume awiriwo, ituluka negative ponseponse, pansi penipeni pafupi ndi −1 cm³/mol. Ikani equation ya Redlich-Kister ya 1948, yojambulira mzere wodutsa m'manambala amenewa, ma coefficient atatu kapena anayi akwana, mukachulutsa mzere umayamba kutsatira zolakwitsa zanu zomwe. Ya Grunberg-Nissan, yomwe ndi ya viscosity, ili ndi parameter imodzi, imayenda bwino pa zinthu zofanana ngati hexane ndi heptane koma pa ethanol ndi madzi imaphonya nsonga ija, ndiye jambulaninso ma residual, kusiyana kwa zomwe mwayeza ndi zomwe equation ikupereka, muone pomwe yaphonya musanalembe report.