Kawerengedwe ka Thomas Hardy: yambani ndi venda wa tirigu

Wofuna kumudziwa Thomas Hardy, mlembi wa ku England wa mabuku a nkhani ndi ndakatulo, asathamangire buku lake la Jude the Obscure, n'lolemetsa mtima. Ayambe ndi The Mayor of Casterbridge, buku la mu 1886, chifukwa ndi nkhani ya munthu wogula ndi kugulitsa mbewu, ndipo munthu wa ku Mzuzu amaimva msanga. Hardy anamwalira mu 1928, choncho mabuku ake ndi aulere pa Project Gutenberg, tsamba la pa intaneti la mabuku akale. Tsitsani kamodzi pafoni, bandulo yake ndi yochepa, kapena kafunseni ku National Library m'tauni.

Bukuli lili ndi mitu 45. Mukamawerenga itatu patsiku mutha m'masiku 15. Gulu lokumana Loweruka lililonse litenge isanu pa sabata.

Mitu iwiri yoyamba muiwerenge kawiri. Michael Henchard, mwini nkhaniyi amene adzakhale venda wa tirigu uja, mowa utamukwera pamsika, akugulitsa mkazi wake Susan pamodzi ndi mwana wawo Elizabeth-Jane kwa mmalinyero wina, Newson, pa mtengo wa maginiya asanu (giniya imodzi inali mashilingi 21). Kutacha akulowa m'tchalitchi nalumbira kuti sadzalawanso mowa zaka 21. Nambala imeneyi ilembeni pakope. Mutu 3 ukudumpha zaka pafupifupi 18, ndipo amene sanailembe sazindikira kuti lumbirolo latsala pang'ono kutha. Pansi pake lembani funso lakuti "bambo a Elizabeth-Jane ndani?", yankho mulilembe ndi pensulo, chifukwa mutu 19 mudzafufuta.

Mawu amene amasokoneza ambiri ndi "corn". Kwa Hardy si chimanga, ndi tirigu ndi mbewu zina zangati iye. Mawu ena achilendo si a m'dikishonale ayi: anthu akumudzi akuyankhula Chingerezi cha ku Dorset, kwawo kwa Hardy, pamene Donald Farfrae, amene adzapikisane ndi Henchard pa malonda a tirigu, akuyankhula cha ku Scotland. Awerengeni mokweza, khutu limagwira zimene diso laphonya. Dikishonale musaitsegule koposa kasanu patsamba limodzi, mungataye ulusi wa nkhani.

Pa mutu 26 ndi 27 chedwanipo. Henchard akupita usiku kwa wolosera zanyengo, auzidwa kuti mvula idzaononga zokolola, nadzaza nkhokwe zake ndi tirigu kuti amugwetse Farfrae. Dzuwa likuwala, mitengo ikutsika, iye akugulitsa moluza, kenako mvula ija n'kubwera atagulitsa kale. Aliyense amene anaonapo venda akuunjika matumba a chimanga nthawi yokolola, kudikira Januwale, mtengo n'kumukanika, akudziwa kupweteka kwake. Apa ophunzira amakonda kulemba kuti ndi tsoka basi, n'kusiyira pomwepo. Sizikwanira. Pa kugwa kulikonse kwa Henchard patulani ziwiri: chimene chamugwera, ndi chimene wadzichitira ndi mkwiyo komanso phuma lake. Mudzapeza kuti chachiwiricho chimalemera kawirikawiri.

Ndakatulo zibwere pambuyo. Jude atanyozedwa kwambiri mu 1895, Hardy anasiya kulemba mabuku a nkhani, ndipo mu 1898 anatulutsa buku la ndakatulo la Wessex Poems. Yoyambira yabwino ndi "The Darkling Thrush", yonena za kambalame koimba madzulo ozizira, ya deti la 31 Disembala 1900: ndime zinayi, iliyonse mizere 8. Ombani m'manja powerenga, kanayi pa mzere woyamba, katatu pa wachiwiri, mosinthana chomwecho mpaka kumapeto. Mupume pamene pali chizindikiro chopumira, osati pothera mzere uliwonse, apo ayi ganizo limaduka pakati.

Disembala wa ku England si wa dzinja lobiriwira ngati wathu. Ganizirani madzulo a Julayi ku Luwinga, nkhungu itatsika, aliyense atalowa m'nyumba kukaotha moto, kenako kambalame kokalamba, kowonda, kayamba kuimba ndi mtima wonse. Musalembe kuti mlakatuli wapeza chiyembekezo. Bwererani ku mizere inayi yotsiriza: akungoganiza kuti mwina mbalameyo ikudziwa chiyembekezo china chimene iye sakuchidziwa.