Kuteteza nthaka ndi antchito pamalo otayira zinyalala

Musanaweruke, tsinderani zinyalala za tsikulo ndi makina, muzikwirire ndi dothi lokhuthala masentimita 15. Mukazisiya poyera, ntchentche, makoswe ndi moto sizichedwa.

Choopsa kwambiri ndi madzi akuda otsika m'zinyalala. Pansi pa dzenje pakhale dongo lotsinderedwa ndi pulasitiki yolimba yotchedwa HDPE, pamwamba pake miyala ndi mapaipi oboola otengera madziwo kudziwe. Madzi akudawo asakwere kupitirira masentimita 30 pamwamba pa pulasitikiyo, chifukwa akachuluka amadutsa pakabowo kalikonse n'kukaipitsa zitsime. Madzi a mvula apatutseni ndi ngalande.

Mpweya wa methane, umene umatuluka zinyalala zikamawola, ulibe fungo, koma umaphulika ukafika pakati pa 5 ndi 15 peresenti ya mpweya wonse. Pimani kaye mpweyawu musanalowe m'dzenje la mapampu opopa madzi akudawo, ndipo wina asasute fodya pamalopo.