Momwe mungatetezere agogo kuti asagwe pakhomo

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa chogwa, ndipo okhudzidwa kwambiri ndi opitirira zaka 60. Wokalamba akathyoka fupa la m'chiuno amakhala chigonere miyezi, ena osadzayendanso.

Choyamba, yesani miyendo yawo. Agogo akhale pampando, adzuke, ayende mamita 3, atembenuke n'kudzakhalanso. Zikawatengera masekondi 12 kapena kupitirira, dziwani kuti kugwa kuli pafupi.

Kenako kukada, yendani inuyo njira imene amadutsa popita kuchimbudzi. Mudzaona mizu, chingwe cha mbuzi, matope a madzi otsukira mbale. Chotsani zonsezo, ndipo tochi izigona kumutu kwawo. Kunyonyomala n'kudzuka n'kovuta kwa mawondo okalamba, choncho zikani mtengo wolimba pambali pa dzenje kuti azigwira. Kubafa kwechani ndere pamiyala, muikemo kampando. Nyengo yamvula, chidebe chokodzeramo m'chipinda si chamanyazi ayi.

Mapatapata otha zidendene atayeni, chitenje chisamakhwekhwerezeke. Ndodo ifike pomwe timavala wotchi akaimirira manja ali pansi, ndipo kunsi kwake mukhomere kachidutswa ka tayala.

Akamadandaula chizungulire podzuka, azikhala kaye tsonga kamphindi asanaimirire. Mankhwala a BP, a shuga ndi ogonetsa angachititse zimenezi, koma musawasiyitse nokha. Tengani mankhwala onse mukaonetse dokotala. Maso nawonso akapimidwe. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni, monga ku Nkhoma ndi ku Queen Elizabeth.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri timati, "Agogo, khalani pansi, tichita ndife." N'chikondi ndithu, koma miyendo yongokhala imafooka msanga, ndipo mantha ogwa amakula. Alekeni asese pabwalo, apite kutchalitchi, akacheze ndi anzawo. M'mawa ndi madzulo azidzuka pampando n'kukhalanso ka 10, kenako aime ndi mwendo umodzi atagwira khoma, inu muli pambali.

Akagwa, musathamangire kuwadzutsa. Ngati akumva ululu m'chiuno, mwendo ukuoneka waufupi phazi litapotokera kunja, kapena amenyetsa mutu, afunditseni, musawaimiritse, funani galimoto yowatengera kuchipatala ali chigonere.