Galimoto ikamazima yokha injini ikatentha

Anzanga oyendetsa ma Pajero ndi ma CR-V akale, musathamangire kugula pampu ya mafuta. Galimoto yanga inkazima pamzere wa magalimoto mu Great East Road injini ikangotentha. Ikazizira pang'ono, inkaliranso bwinobwino. Vuto linali sensa ya crankshaft (chitsulo chachikulu chozungulira mkati mwa injini), yomwe imauza kompyuta nthawi yopereka moto ndi mafuta.

Mukamayesa kuliza galimoto, yang'anani singano ya RPM, yosonyeza liwiro lomwe injini ikuzungulira. Sitata ikamazungulira koma singanoyo ili duu pa ziro, kayikirani sensayo. Makanika alumikize makina a OBD, owerenga mavuto omwe kompyuta ya galimoto yapeza. Nambala P0335 imaloza komweko.

Koma chonde, musanagule yatsopano, zulani pulagi yake muone. Mawaya opserera, kapena tizitsulo tomatirira kunsonga kwa sensa, zimanamiza kwambiri. Ine ndinayamba ndapukuta, ndipo ndinasintha nditaona kuti ikuzimabe.