Kuphunzira mawu a Chingerezi pa nthabwala za zotsatira za chisankho

Chisankho chikangotha ku America kapena ku Britain, anthu a nthabwala pa TV amakhala ndi chakudya cha sabata yathunthu. Wopambana amamuseka, wogonja amamuseka koposa, ndipo mawu omwe atolankhani akhala akubwereza usiku wonse amawapotoza. Wophunzira Chingerezi amapindula pawiri. Mawu omwewo amabwera kangapo m'mphindi zochepa, ndipo kuseka kwa omvera kumakulozerani pomwe pabisala liwu la matanthauzo awiri. Pamene anthu aseka inu muli duu, dziwani kuti pali liwu lomwe mukulidziwa mbali imodzi yokha.

Musayambe ndi vidiyo. Werengani kaye nkhani imodzi yaifupi ya zotsatirazo, ya BBC kapena Reuters, mudziwe wapambana ndani komanso kuti kumeneko amapambana bwanji. Ku America pulezidenti amafunika mavoti 270 mwa 538 a "Electoral College", gulu la nthumwi za madera lomwe limasankha pulezidenti, n'chifukwa chake mu 2016 Hillary Clinton anavoteredwa ndi anthu ambiri koma mpando anatenga ndi Donald Trump. Ku Britain nyumba ya malamulo ili ndi mipando 650, ndipo chipani chimafunika 326 kuti chilamulire chokha. Popanda manambala amenewa, theka la nthabwala limangokudutsani.

Pa mapulogalamu, yambani ndi The Daily Show ya nthawi ya Trevor Noah, kuyambira 2015 mpaka 2022. Iye ndi wa ku South Africa, katchulidwe kake sikavuta khutu la kuno, ndipo nthawi zambiri ankafotokoza ndale za America ngati mlendo amene akudabwa nazo. Saturday Night Live imavutirapo chifukwa osewera amatsanzira andale, ndiye muyenera kumudziwa kale munthu akutsanziridwayo. Have I Got News for You ya BBC, yomwe inayamba mu 1990, isiyeni mpaka khutu litakhwima: amalankhula mothamanga, modulana pakamwa, nkhope ili gwa. Ngati bandulo ndi yochepa, zojambula za Zapiro wa ku South Africa zimagwira ntchito yomweyo ndi mawu asanu kapena khumi basi.

Sankhani vidiyo ya mphindi zitatu mpaka zisanu, muyiike pa 360p, poti chofunika ndi mawu osati kuwala kwa chithunzi. Ulendo woyamba onerani osayatsa mawu olembedwa pansi, cholembera chili m'manja, ndipo paliponse pomwe omvera aseka inu osamva lembani nthawi yake: 1:12, 2:40. Ulendo wachiwiri dinani CC, batani loyatsira mawu olembedwa pansi aja, tsitsani liwiro kufika pa 0.75, mupite pa malo mwalemba aja okha. Musatsitse mpaka 0.5, mawu amatafunika ndipo kamvekedwe ka chipongwe kamatayika. Pa vidiyo imodzi tolani mawu osapitirira asanu ndi limodzi. Amene amalemba makumi awiri amadzuka mawa asakukumbukira ngakhale atatu.

M'kope gawani tsamba panayi: liwulo, chithunzi chake chenicheni, tanthauzo lake pa ndale, ndi chiganizo chanu. Gawo lachiwirilo ndi lomwe ambiri amalidumpha, pomwe nthabwala imakhala pamenepo.

Tengani "landslide". Chithunzi chake ndi phiri kugumuka, dothi ndi miyala kukokolola chilichonse chili m'njira. Pa ndale ndi kupambana kosiya mnzako alibe poimira, monga chipani cha Labour cha Keir Starmer chinachitira ku Britain pa 4 July 2024 potenga mipando yopitirira 400. Wojambula akaonetsa nduna zitakwiririka m'matope, zipewa zokha zikuoneka, akusewera ndi matanthauzo onse awiri. "Swing state" ndi katungwe: dera ngati Pennsylvania, Georgia kapena Arizona lomwe chisankho ichi lili uku, chinacho lili uko. "Lame duck" ndi bakha wotsimphina, pulezidenti amene akadali pampando pakati pa chisankho cha mu November ndi kulumbira kwa womulowa m'malo pa 20 January. Udindo ali nawo, koma palibe akumuopanso. "Hung parliament" ndi nyumba ya malamulo yolendewera m'malere popanda chipani chofika pa 326, monga zinachitikira ku Britain mu 2010 ndi 2017. Ndipo "concede" ambiri mukulidziwa kale kuchokera kwa owulutsa mpira, timu ikagoletsedwa. Pa chisankho ndi kuvomera poyera kuti wagonja, nthawi zambiri poimbira foni wopambana. Mavidiyo a mu November 2020 adzaza ndi liwu limeneli chifukwa Trump anakana kutero.

Pali mawu atatu omwe amasokoneza ngakhale anthu a Chingerezi chothyakuka, ndipo mbiri ya Malawi imathandiza kuwasiyanitsa. "Recount" ndi kuwerenganso mavoti omwe anaponyedwa kale, monga ku Florida mu 2000 pomwe George W. Bush anaposa Al Gore ndi mavoti 537 okha. Mkangano wa tizidutswa ta pepala totsalira pa voti yoboola, "hanging chads", unadyetsa anthu a nthabwala miyezi. "Rerun" ndi kuvota mwatsopano chisankho chonse, zomwe zinachitika ku Malawi pa 23 June 2020 khoti litafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019. Kufafanizako ndi "nullify" kapena "annul", ndipo madando aja pa Chingerezi ndi "complaints". "Runoff" ndi ulendo wachiwiri wa awiri apamwamba okha pamene palibe wadutsa theka la mavoti. Lembani atatuwa pa tsamba limodzi.

Pali zinthu zitatu zoti musamale nazo. Choyamba, zolakwika zimachokera kwambiri ku mawu olembedwa ndi makina. Ma CC odzipangira okha amaphonya mayina, ndipo omvera akamaseka amalemba zosamveka kapena kudumpha mzere wonse, pomwe mzere womwewo ndiwo mukuufuna. Liwu lililonse mulitsimikize mu dikishonale ya ophunzira, ya Oxford kapena ya Cambridge, musanalilembe m'kope. Mukapeza kuti mulibe, mwina wanthabwalayo walipeka yekha posakaniza mawu awiri. Limvetseni, koma musaliloweze.

Chachiwiri ndi chipongwe. Munthu akanena "great job" kapena "what a genius" akukoka mawu, nsidze zili m'mwamba, akutanthauza zosiyana. Ikani kachizindikiro pambali pa liwu lotere. Chitani chimodzimodzi ndi mawu achipongwe ngati "loser" ndi "clown", ndiponso onse omwe TV yawaphimba ndi kulira kwa "biip". Dikishonale imalemba "informal", "offensive" kapena "slang" pambali pake, koperani chenjezolo. Liwu loseketsa pa siteji ku New York likhoza kukuchotsani ulemu mukalilankhula kwa abwana kapena kulilemba pa mayeso a MSCE.

Chachitatu, musasakanize maiko. Ku America munthu amachita "run for office", ku Britain amachita "stand for election". Mtundu wofiira ku America ndi wa Republican, pomwe ku Britain wofiira ndi Labour ndipo wabuluu ndi Conservative, choncho nthabwala ya mapu ofiira imatanthauza zosiyana kotheratu. Lembani US kapena UK pambali pa liwu lililonse.

Gawo lomaliza la tsamba, la chiganizo chanu, lembanimo za chisankho chomwe mukuchidziwa bwino: cha phungu wa kwanu, cha khansala, ngakhale cha komiti ya kutchalitchi kapena ya banki m'khonde. Tcheyamani amene wagonja koma sanapereke mabuku ndi "lame duck" ndithu. Bwerezani mawuwo tsiku lotsatira, pakatha masiku atatu, kenaka pakatha sabata. Pa ulendo wa sabatawo tsegulaninso vidiyo ija, CC yozima, liwiro lake lenileni, muwerenge malo angati mwa aja munalemba omwe tsopano mwaseka limodzi ndi omvera. Ngati sakufika theka, musapite pa vidiyo ina. Bwererani ku gawo la chithunzi cha liwu.