Kutseketsa mphaka wamkazi ndi kumukonzera pokhala panja

Mwafunsa kuti muyambe ndi chiti pakati pa kutseketsa mphaka wanu wamkazi ndi kumumangira kanyumba panja. Yambani ndi opaleshoni yomutseketsa, chifukwa mphaka amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, ndipo bere lake limatenga masiku pafupifupi 63 mpaka 65.

Choyamba, pitani naye kwa dokotala wa ziweto kuti amupime ndi kukuuzani maola oyenera kumusiya osadya asanamugoneke ndi mankhwala. Pa opaleshoniyo amachotsa ziwalo zopanga mazira, kawirikawiri pamodzi ndi chiberekero, kotero sadzaberekanso ndipo kulira kwa usiku kofuna amuna kumatha.

Akabwerako, musamutulutse panja kwa masiku 10 mpaka 14. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poona kuti mphaka wayamba kudumpha ngati wachira. Muvekeni kolala yomulepheretsa kunyambita bala, ndipo tsiku lililonse muziyang'ana pamene anasokapo: pakatupa kwambiri, pakatuluka mafinya kapena ulusi ukamasuka, bwererani kwa dokotala mwamsanga.

Masiku amenewa ndi abwino kumanga kanyumbako. Kakhale kakang'ono kuti kutentha kwa thupi lake kusathe, kakwezedwe pang'ono kuchoka pansi, denga lisadonthe, ndipo khomo likhale la masentimita pafupifupi 15 kuti galu asalowepo, komanso lisayang'ane kochokera mphepo. Mkati yalani udzu wouma osati bulangeti, popeza nsalu imasunga chinyezi. Chakudya ndi madzi muziika kunja kwa kanyumbako, pamthunzi.