Momwe mungabzalire gilirisidiya m'munda wa chimanga

Amene amalima m'munsi mwa phiri la Zomba kapena la Mulanje amalidziwa vutoli: nthaka yaguga, feteleza sakugwirika mtengo, nkhuni nazo ndi zozemberana ndi alonda a nkhalango. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri a ICRAF, bungwe lofufuza za ulimi wophatikiza mitengo ndi mbewu, anayesa kubzala gilirisidiya pamodzi ndi chimanga pa malo a kafukufuku a Makoka ku Zomba. Mtengowu kwawo ndi ku Central America. Masamba ake amabwezeretsa m'nthaka nayitirojeni, chakudya chofunika cha mbewu, ndipo minda yomwe inali nawo inkakolola kuposa ya chimanga chokhachokha chopanda feteleza.

Yambani ndi nazale mu Okutobala, kuti mvula ikamakhazikika mbande zikhale zakwanitsa masabata 6 mpaka 8. Fesani m'machubu kapena pabedi, muzithirira.

Mvula ikanyowetsa nthaka, okani. Ngati mizere yanu ndi yotalikirana masentimita 75, bzalani m'ngalande ya pakati pa mizere, ngalande yotsatira muidumphe. Mtengo ndi unzake zitalikirane masentimita 90. Chaka choyamba musadule. Muzingopalira ndi kuteteza ku moto wa osaka mbewa.

Ntchito yeniyeni ili pa kudula, ndipo ambiri amagwa pomwepa. Mu Seputembala kapena Okutobala wa chaka chotsatira, dulani mtengo uliwonse ndi chikwanje chakuthwa, musiye chitsa cha masentimita 30. Pululani masamba ndi tinthambi tanthete, muzikwirire pounga mizere zidakali zaziwisi. Mukazisiya pamtunda, dzuwa ndi mphepo zikulandani. Mitengo yokhwima muiunjike padera, ndizo nkhuni zanu, kapena zoyangira nyemba.

Chitsacho chiphukanso msanga. Dulaninso cha mu Disembala komanso mu Febuluwale, masamba mukwirire monga poyamba. Mukachita ulesi apa, mthunzi ufoola chimanga, kenako mudzati mtengowu ndi wachabe, chonsecho olakwa ndinu.

Musayembekezere nkhokwe yodzaza chaka choyamba, kusintha kumaoneka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Ndipo ngati mwapeza feteleza ngakhale wochepa, thirani ndithu, makamaka wokulitsa, chifukwa fosifolasi, chakudya china cha mbewu, masambawa sapereka wokwanira. Kumalo okwera kozizira kwambiri gilirisidiya amakula mwaulesi, choncho funsani kaye alangizi a m'dera lanu musanagule mbewu.